Lipoti la msonkhano wa amayi pa za chikhulupiriro ndi kulimba mtima m'mayesero

Mayi busa, mayi wapampando, komiti ndi amayi anzanga nonse a Mvano, ndabwerako. Munandituma ndi ndalama za m'thumba lathu, ndiye ndiyenera kukufotokozerani zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Za ulendo sindichedwapo: tinayenda bwino, tinkagona m'makalasi, chakudya chinakwanira, ndipo ndalama zotsala ndapereka kale kwa msungichuma pamodzi ndi malisiti.

Msonkhano unali wa masiku atatu, ndipo kunabwera amayi ochokera ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje, Phalombe, Zomba, Chikwawa mpaka Nsanje. Ine ndinkayembekezera maulaliki otsatizana basi. Koma tsiku loyamba lomwelo, titagawidwa m'magulu, aliyense wotsegula pakamwa ankabwerera ku chinthu chimodzi, namondwe wa Freddy.

Mukukumbukira Malichi wa 2023. Namondweyo anayambira kutali cha ku Australia, ndipo anatha masiku 36 asanafooke. Atalowanso kumtunda cha ku Quelimane, ku Mozambique, pa 11 Malichi, mvula inatikhuthukira usana ndi usiku. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala, ambiri n'kuthawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, kolera ilinso mkati. Omwalira pamodzi ndi osowa anaposa 1,000, ndipo oposa 500 mwa iwo matupi awo sanaoneke. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza masiku 14 okhuza maliro. Masikuwo anatha, ife tinabwerera ku minda ndi ku misika. Ku msonkhanoku ndapeza kuti kuli anzathu amene maliro awo sanathe mpaka lero.

Mayi wina wa ku Phalombe ndiye anatikhazika chete. Anati ali mtsikana anaona napolo wa 1991 akutsika m'phiri la Michesi, ndipo ankaganiza kuti zoterezo munthu amaziona kamodzi pa moyo. Mu 2023 madzi anatenga amuna awo ndi ana awiri, osapezekanso. Panalibe siwa, panalibe adzukulu okumba manda, panalibe nyimbo yoperekeza bokosi. Chipepeso anthu sanadziwe kuti apereke liti. Lero anzawo akamamanga ziliza, iwo alibe pokaika ngakhale duwa. Chimene chinawapweteka kwambiri, anatero, ndi mawu a ife Akhristu anzawo. Wina anawauza kuti asalire ngati osakhulupirira. Wina anati chinali chifuniro cha Mulungu. Winanso anawanong'oneza kuti afufuze bwino, mwina m'banjamo munali tchimo. Iwo anasiya kupita ku tchalitchi miyezi ingapo. Anawabweza ndi gogo wina wa mu mlaga wawo, amene ankabwera madzulo aliwonse ndi lichero la nandolo, n'kukhala pakhonde kumasenda nawo limodzi, osalalikira chilichonse.

Amayi, ine ndinachita manyazi. Mawu akuti "limbani mtima" ndawanena pa maliro osawerengeka, kawirikawiri nditaimirira kale, chitenje nditamanga, ndikuthamangira kwathu.

Abusa amene anatsogolera phunziro la Baibulo anatitengera kwa Yobu. Anatikumbutsa kuti anzake atatu aja anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba, pamene anakhala naye pansi osayankhula, ndipo analakwa atayamba kumufotokozera chifukwa chimene akuvutikira. Anatiwerengetsa Luka 13, pamene Ambuye Yesu anakana kuti anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera anali ochimwa kuposa anzawo. Anatinso Yesu mwini analira pa manda a Lazaro, akudziwa kuti amuukitsa. Ngati Mwana wa Mulungu anagwetsa misozi, ife tikuletsa namfedwa kulira ndi ulamuliro wa yani?

Koma chimene chinandikhudza koposa ndi Deuteronomo 34. Mose anafera m'dziko la Moabu, Mulungu anamuika yekha m'chigwa, ndipo palibe munthu amene akudziwa manda ake. Abusawo anatembenukira kwa mayi a ku Phalombe aja n'kuwauza kuti amene sanaikidwe ndi manja a anthu sanatayike, pakuti Mwini wake akudziwa pamene agona, ndipo Chivumbulutso 20 chimanena kuti nayonso nyanja idzapereka akufa ake. Holo yonse inalira. Palibe anayambitsa nyimbo kuti atseke kulirako, ndipo ndikuona kuti zinali bwino choncho.

Sikuti zonse tinagwirizana. Tsiku lachiwiri kunabuka mkangano wa ndithu. Ena ankati Mkhristu sayenera kufunsa Mulungu kuti "chifukwa chiyani", pakuti kufunsa ndi chiyambi cha kugwa. Ena anatsegula Salimo 88, limene limayamba ndi kudandaula n'kuthera mumdima, koma lili m'Baibulo lathu lomweli. Ine ndinaima ndi achiwiriwa. Mwana amene akulira n'kumafunsa bambo ake ndiye kuti akuwadziwabe kuti ndi bambo ake. Mayi wina wa ku Blantyre anawonjezera mfundo imene ena sanaikonde: tisamakankhire zonse kwa Mulungu pamene mitengo ya m'mapiri tinadula tokha n'kuotcha makala, ndipo umphawi unakankhira anthu kukamanga m'malo otsetsereka. Anati kulimba mtima ndi kunenanso zoona pamaso pa mafumu ndi akuluakulu a boma, monga anachitira maepiskopi a Katolika ndi kalata yawo ya pa 8 Malichi 1992, nthawi imene anthu ankaopa ngakhale kunong'ona. Pamenepo sitinamange mfundo imodzi, koma ndinaona kuti muyenera kumva.

Za tsiku lachitatu, zokhudza malipoti a zigawo ndi masankho a komiti, ndazilemba papepala lina limene lili ndi mlembi wathu.

Zimene atituma kuti tikachite m'mipingo yathu ndi izi. Tiyendere anamfedwa pakatha mwezi, pakatha miyezi itatu, pakatha chaka, pamene anthu onse abalalika ndipo ufa wa chipepeso watha. Woyendera asapite ndi mayankho, apite ndi nthawi, ndipo ngati angathe atenge ndiwo kapena sopo. Chachikulu n'chakuti tipemphe seshoni kuti ilole mapemphero apadera okumbukira amene matupi awo sanapezeke, mayina awo atchulidwe limodzi limodzi pamaso pa mpingo, abale awo alire pakati pathu monga akanalirira pa manda.

Mwa ife tomwe muno ndikudziwa mabanja awiri amene anataya abale ku Chilobwe ndi ku Mulanje osawaika, ndipo mwina alipo ena amene sananenepo. Ndikupempha atsogoleri a milaga kuti afunse mofatsa, nyumba ndi nyumba, n'kubweretsa mayinawo tikakumana sabata yamawa. Kalata yopita ku seshoni ndailemba kale, ikungodikira kuti mayi wapampando aiwerenge ndi kusainira.