Za Timu Yako ya Pokémon Imene Unanditumizira

Wokondedwa mnzanga,

Kalata yako ndailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti uli bwino kumeneko ndiponso kuti sunasiye kusewera gemu ya Pokémon, yomenyanitsa tizilombo tongopeka, ngakhale ntchito yakuchulukira. Nanenso ndili bwino. Mndandanda wa timu yako ndauwerenga kangapo, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndikuyankhe mofatsa kusiyana ndi kungokutumizira mayina a ma Pokémon oti ulowetse, chifukwa mayina okhaokha sangachize chimene chikukugonjetsa.

Unalemba kuti wagonja masewero ambiri motsatizana ndipo sukumvetsa chifukwa chake, popeza pa timu yako pali Garchomp, Dragonite ndi Salamence, amene aliyense payekha amaopedwa. Tawayang'anitsitsa atatuwa. Onse ndi a mtundu wa Dragon, ndipo Garchomp alinso wa Ground pamene awiri enawo alinso a Flying, kutanthauza kuti kamenyedwe kalikonse ka Ice kamawapweteka kuwirikiza kanayi. Tiyerekeze kuti wakumana ndi munthu amene wabwera ndi Ninetales wa ku Alola. Ameneyu akangolowa m'bwalo amagwetsa chipale chofewa, ndipo nyengo ikatero kamenyedwe kake ka Ice kotchedwa Blizzard sikaphonya, komanso amamenya ma Pokémon ako awiri nthawi imodzi. Liwiro loyambira la Ninetales ameneyu ndi 109, pamene la Garchomp ndi 102, la Salamence ndi 100, ndipo la Dragonite ndi 80, choncho iye ndi amene amayamba kumenya. Dragonite akhoza kupirira kamodzi chifukwa cha luso lake la Multiscale, limene limachepetsa ululu ndi theka moyo wake ukakhala wodzaza, koma theka la timu yako likuopsezedwabe ndi Pokémon mmodzi yekha. Ndikukhulupirira kuti ukakumbukira masewero amene unagonja, upeza kuti ambiri anatha mwa njira yofanana ndi imeneyi.

Popeza ukufuna kusewera motsatira malamulo a VGC, amene amagwiritsidwa ntchito pa mpikisano wa dziko lonse, kumbukira mmene masewerowo amayendera. Umabwera ndi ma Pokémon 6, umaona timu ya mdani wako, kenako umasankha 4 okha, ndipo m'bwalo mumalowa awiriawiri, onse ali pa levulo 50. Suloledwa kubweretsa Pokémon wofanana kawiri kapena kupatsa awiri chinthu chonyamula chofanana. Ndiye ngati pa timu yako pali atatu ogwira ntchito imodzi komanso oopa chinthu chimodzi, tsiku limene mdani wabwera ndi chinthucho umatsala ndi atatu okha odalirika pamene ukufunika anayi.

Chimene ndikupempha ndi chakuti usankhe mmodzi mwa atatuwa, kenako udzifunse kuti ameneyu adzapambana bwanji ndipo akufunika ndani pambali pake kuti zimenezo zitheke. Ine ndikanasankha Garchomp. Earthquake wake amamenya aliyense amene ali m'bwalo, ndipo ngakhale mphamvu ya kamenyedwe kogunda ambiri imatsika n'kukhala magawo atatu mwa anayi, Garchomp amaonjezeredwa theka la mphamvu chifukwa kamenyedweko ndi ka mtundu wake. Vuto ndi lakuti Earthquake sasankha, amagundanso mnzake wa Garchomp. Apa ndiye pakuyambira ntchito yeniyeni yomanga timu: ukufunika woima naye amene chivomezicho sichimukhudza komanso amene saopa Ice. Rotom amene amalowa mu makina ochapira ali ndi luso la Levitate, lomuyandamitsa m'mwamba kuti chivomezi chisamukhudze, ndipo poti ndi wa Water, Ice samupweteka kwambiri. Talonflame nayenso amauluka, Ice amamupweteka mwachizolowezi basi, ndipo amabweretsa Tailwind, imene ndiitchulanso pansipa. Ngati mtima wako uli pa Salamence, zimenezo ndikuzimvetsa, ndipo ukhoza kumanga pa iyeyo, popeza ali ndi Intimidate komanso amadziwa Tailwind. Chachikulu n'chakuti usankhe mmodzi.

Malo otsalawo usawadzaze ndi omenya okhaokha. Incineroar wakhala akupezeka pa matimu ambiri kwa zaka zambiri, ndipo chifukwa chake chimaoneka ukayang'ana zimene amachita pa ulendo umodzi: akamalowa amatsitsa mphamvu yomenyera ya adani onse awiri ndi Intimidate, amagwiritsa ntchito Fake Out kuti mmodzi alephere kuchita kanthu, ndipo pambuyo pake amatuluka ndi Parting Shot atafooketsanso mdani, n'kudzabweranso kudzachita zomwezo. Ungosamala kuti Earthquake wa Garchomp amamupweteka kwambiri, ndiye awiriwa akakhala limodzi uyenera kukhala ndi kamenyedwe kena koti ugwiritse ntchito. Amoonguss naye amakokera mamenyedwe a mdani kwa iye mwini ndi Rage Powder ndipo amagoneka ndi Spore, koma udziwe malire ake: ma Pokémon a Grass komanso onyamula Safety Goggles sakhudzidwa ndi ufa umenewu, ndipo Rage Powder sakoka mamenyedwe ogunda onse awiri monga Blizzard uja.

Ndikudziwa kuti ma Pokémon otere saoneka okopa kwa munthu amene amakonda kuona mdani akugwa ndi nkhonya imodzi, n'chifukwa chake ndikufuna ndikukumbutse za chaka cha 2014. Pa mpikisano wa dziko lonse umene unachitikira ku Washington, D.C., Se Jun Park wa ku South Korea anapambana ali ndi Pachirisu pa timu yake, kagologolo kamene anthu ambiri sankakaganizira n'komwe. Kanali ndi Follow Me (yokokera mamenyedwe a mdani kwa iko), Nuzzle, Super Fang ndi Protect (yodzitetezera kwa ulendo umodzi), ndipo ntchito yake inali kulandira nkhonya m'malo mwa anzake. Luso lake la Volt Absorb linkachititsa kuti mamenyedwe a Electric, amene akanagwetsa Gyarados wake, azikawonjezera moyo kagologoloko. Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi n'chakuti iye anasankha Pachirisu atawerengera bwinobwino zimene timu yake inkasowa komanso zimene adani a chaka chimenecho ankabweretsa, moti atamuika pa timu ina iliyonse mwina sakanathandiza kanthu.

Tsopano za liwiro, zimene pa mndandanda wako sindinazione n'komwe. M'masewero a awiriawiri, amene wayamba kumenya nthawi zambiri ndi amene amalamulira ulendowo, ndipo timu iliyonse yolimba imakhala ndi njira yosinthira ndondomeko ya amene ayambe. Tailwind imawirikiza kawiri liwiro la mbali yako kwa maulendo 4, kuwerengera ndi ulendo umene waiyambitsa. Icy Wind imatsitsa liwiro la adani onse awiri. Choice Scarf imawonjezera theka la liwiro, koma imakumanga pa kamenyedwe kamodzi mpaka utatuluka m'bwalo. Ndiye pali Trick Room, imene imatembenuza zonse kwa maulendo 5 kuti ochedwa aziyamba. Paja amati kuthamanga si kufika: Torkoal, amene liwiro lake loyambira ndi 20 lokha, akalowa mu Trick Room dzuwa limene luso lake limabweretsa likuswa mtengo, Eruption wake, kamenyedwe ka moto, amatha kusesa timu yothamanga ngati yakoyi. Uyenera kudziwiratu chimene udzachite ukaona timu yotere. Ukhoza kuletsa woyambitsa Trick Room ndi Taunt, imene imamulola kugwiritsa ntchito mamenyedwe opweteka okha, ukhoza kumuchedwetsa ndi Fake Out bola asakhale wa Ghost, kapena ukhoza kungodikira kuti maulendowo athe posinthanitsa ma Pokémon ndi kugwiritsa ntchito Protect. Amoonguss, amene liwiro lake ndi 30, amakuthandizanso pamenepa chifukwa m'chipindamo amagoneka adani ambiri asanasunthe.

Protect ndamutchula kawiri, ndipo pa timu yako ali pa Pokémon mmodzi yekha. Ndikudziwa kuti zimaoneka ngati kuwononga malo, poti aliyense amangodziwa mamenyedwe anayi, koma ulendo umene adani awiri alunjika pa Garchomp iye n'kudziteteza, mnzake amakhala wamenya kwaulere. Kupatula onyamula zinthu za Choice kapena Assault Vest, komanso ena ochepa monga Incineroar amene malo ake anayi amakhala odzaza kale, ndimaika Protect pa pafupifupi aliyense.

Za ma EV, mapointi amene umagawa kuti ukweze mbali za Pokémon monga mphamvu, liwiro kapena chitetezo, sindichulutsa mawu. M'masewero monga Scarlet ndi Violet uli ndi 510 oti ugawe pa Pokémon aliyense, ndipo mbali imodzi singalandire oposa 252. Kuika 252 pa mphamvu yomenyera ndi 252 pa liwiro ndi poyambira pabwino, ndipo usadzivute ndi magawidwe ovuta amene umawaona kwa akatswiri usanadziwe chimene iwo ankafuna kupirira. Ukazindikira kamenyedwe kamene kamakugwetsa kawirikawiri, tsegula chowerengera ululu cha pa intaneti uone ngati ma EV ochepa pa moyo kapena pa chitetezo angakupulumutse, pokumbukira kuti ululu umasinthasintha pakati pa 85 ndi 100 peresenti. Chikhalidwe cha Pokémon chimakweza mbali imodzi ndi 10 peresenti n'kutsitsa ina ndi 10 peresenti, choncho tsitsa mbali imene suigwiritsa ntchito. Ngati mukusewera pa malamulo a Scarlet ndi Violet, masewero amene anatuluka mu 2022, yesa kupatsa Garchomp Tera ya Steel (Tera ndi njira yosinthira mtundu wa Pokémon mkati mwa sewero), chifukwa Steel imapirira Ice, Dragon ndi Fairy, mitundu itatu yonse imene amaiopa. Tera imagwira kamodzi kokha pa sewero lonse, ndiye usamange timu imene ma Pokémon atatu onse akudalira Tera kuti apulumuke. Uonenso malamulo a nyengo imene ukufuna kupikisana, chifukwa mndandanda wa ololedwa umasinthidwa kawirikawiri.

Chinthu chimene ine chinandichedwetsa kwa nthawi yaitali chinali kugwetsa timu yonse ndikangogonja kawiri kapena katatu. Ndinkayamba ina yatsopano sabata iliyonse, ndipo mapeto ake panalibe timu imene ndinkaidziwa mokwanira kuti ndizindikire ngati cholakwa chinali pa kamangidwe kapena pa zosankha zanga m'bwalo. Ndinasintha nditayamba kusewera timu imodzi masewero makumi awiri kapena atatu pa tsamba la pa intaneti la Pokémon Showdown, pomwe umamanga timu m'mphindi zochepa popanda kulera Pokémon aliyense, n'kumasunga sewero lililonse limene ndagonja. Ndikamawaoneranso ndimalemba zinthu zitatu: anayi amene ndinasankha, Pokémon wa mdani amene anandivuta, ndi ulendo umene zinthu zinatembenuka. Pakapita masewero angapo, zimaonekeratu kuti pali mmodzi pa timu amene sindimusankha n'komwe, ndipo ameneyo ndi amene ndimamuchotsa, yekhayo basi, kenako ndimayesanso.

Mwayi ulipo m'masewerowa, sindikana. Nkhonya yoopsa yamwadzidzidzi imabwera kamodzi pa maulendo 24, Rock Slide amaphonya kamodzi pa khumi, ndipo tsiku lina zimenezi zidzakugonjetsa iwe utasewera bwino. Koma ukaonera sewero lotere, bwerera m'mbuyo maulendo awiri kapena atatu ufufuze ngati panali njira ina imene sikanafuna kuti udalire kamenyedwe kophonya, chifukwa kawirikawiri imakhalapo.

Ukakonza timuyo unditumizire mndandanda watsopano, ndipo pambali pa dzina lililonse ulembe chiganizo chimodzi chonena ntchito yake. Utumizenso masewero atatu kapena anayi amene wagonja kuti tiwaonere limodzi. Undiuze tsiku limene umakhala ndi mpata madzulo, tigwirizane nthawi yoti tikumane pa intaneti. Ine ndidzabwera ndi timu ya Trick Room yokhala ndi Torkoal kuti uyeserepo zimene wakonza. Upereke moni kwa onse kumeneko.

Ndine mnzako wokukumbuka nthawi zonse.