Mlandu wa sewero la ku Korea lija

Mnzanga wokondedwa,

Kalata yanu ndalandira, koma ndisanayankhe zina zonse, ndili nanu mlandu wa Stairway to Heaven, sewero lija munandikakamiza kuti ndionere. Ndamaliza zigawo zake zonse 20, ndipo ndikufuna mundiuze ngati cholinga chanu chinali kundisangalatsa kapena kundidwalitsa mtima.

Taganizirani mavuto a Jung-suh, mtsikana amene nkhaniyi ikukamba za iye. Mayi ake amwalira, bambo ake akwatira mkazi wankhanza, mwana wa mkaziyo amugunda ndi galimoto, iye aiwala ngakhale dzina lake kwa zaka zisanu, ndipo atangobwererana ndi Song-joo wake, khansa imugwira m'maso. Kodi a wailesi ya kanema ya SBS mu 2003 analibe mtsikana wina woti amugawireko tsokali? Komabe Choi Ji-woo, uja akusewera ngati Jung-suh, sindingamunene, pakuti amadziwa kulira mosafuula, misozi ikungotsika nkhope ili phee, moti azakhali anu, amene anabwera kudzakambirana za chinkhoswe cha mng'ono wanu, anaiwala chimene anadzera nakhala pampando mpaka usiku.

Amene wandisowetsa mtendere ndi Kim Tae-hee, uja akusewera ngati Yoo-ri, mwana wa mkazi wankhanza uja. Ndikudziwa kuti nthawi imeneyo anali atangoyamba kumene ntchitoyi, koma kodi panalibe womunong'oneza kuti nkhanza sizikhala m'maso mokha? Akakwiya amatong'ola maso, akachita mantha amatong'ola maso, akagwidwa bodza amawatong'olanso ngati munthu wotsamwa ndi fupa la chambo. Choipa kwambiri n'chakuti matendawa ndi opatsirana. Mwana wanga wotsiriza uja ndikamutuma kuchigayo amandiyang'ana mwa Yoo-ri, mlamu wanu akafunsidwa za ndalama ya ndiwo amachitanso chimodzimodzi, ndipo Lamulungu ndinawaona maso omwewo pankhope ya wotsogolera kwaya pamene amayi a kutsogolo anaphonya nyimbo. Mudzi uno ukasanduka wa anthu otong'ola maso, mudzayankha ndinu.

Za Kwon Sang-woo, uja akusewera ngati Song-joo, ndilibe zambiri. Ndi mnyamata wooneka bwino ndipo amathamangira basi mwamphamvu, koma kulira kwake kumandithera m'makutu, sikufika mumtima.

Munalemba kuti Tae-hwa, mchimwene wake wa Yoo-ri, ndi wakuba, ndipo apa ndiye tasiyana maganizo. N'zoona kuti anabisa Jung-suh, mtsikana wa eni, namupatsa dzina lina, namunamiza zaka zonsezo, koma Shin Hyun-joon amasewera Tae-hwa ngati munthu amene akudziwa yekha kuti walakwa ndipo sayembekezera kukhululukidwa, mapewa ali ogwa, mawu ali ochepa. Pamene anachita ngozi mwadala kuti Jung-suh alandire maso ake, ndinazimitsa kanema n'kutuluka panja. Kenaka khansa ija ifalikirabe, mtsikanayo n'kukamwalira m'mphepete mwa nyanja. Munthu kutaya moyo wake, wolandirayo n'kupitanso! Zimenezi olembawo sindinawakhululukire.

Chimene chikundilemera n'chakuti m'seweroli munthu amaiwala mnzake pokhapokha galimoto itamugunda, pomwe kuno anthu amaiwalana ali bwinobwino, kungokwera basi ya ku Johannesburg basi. Sindikunena inu, pakuti inu mumalemba, ngakhale kuti mumalemba zonditumizira misozi.

Mwatchulanso Winter Sonata, koma ndamva kuti m'menemonso muli ngozi ya galimoto, kuiwala ndi khungu. Pepala landithera, koma ngati mulinso wotong'ola maso, ndiye ine ndi inu