Mipikisano ya masamu ndi sayansi ifike ku ma CDSS

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za ana anzeru kwambiri a m'sukulu za sekondale zoyendera, zija timati ma CDSS. Mwana wotere amamaliza masamu anzake asanafike pakati, kenako n'kumangokhala. Palibe kalabu ya sayansi, palibe buku lina loti alimbane nalo, ndipo aphunzitsi, omwe ndi ochepa kale, maso awo onse ali pa mayeso a MANEB.

Mipikisano ilipo ndithu. Ku Kamuzu Academy kumachitika chionetsero cha sayansi cha sukulu za m'dziko muno, ndipo Mzuzu University yakhala ikuchititsa mpikisano wa masamu. Koma mwana wa kumudzi angakafikeko bwanji pomwe sukulu yake ilibe ngakhale ndalama ya minibasi? Kalata yoitana nthawi zina imafika tsiku litadutsa kale.

Tisaiwale kuti William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Chinamuthandiza ndi kalaibulale kakang'ono basi.

Ndikupempha Unduna wa Zamaphunziro kuti mipikisanoyi iziyambira m'ma cluster (magulu a sukulu zoyandikana), komwe ana angapite wapansi kapena pa njinga, ndipo opambana azilipiriridwa ulendo wa ku boma mpaka ku ndime yomaliza.

Mphunzitsi wa masamu,
Ntchisi