Kwa Tadala, za mbalame yaikulu ndi anapiye ake

Tadala mwamuna wanga,

Wadzuka bwanji, mwini tsiku? Lero wakwanitsa zaka 7, ndipo ine ndayamba kukondwerera iwe uli mtulo. Kuno kumacha msanga, tili patsogolo panu ndi maola 7 ndi theka. Ndiye pamene ndimamwa tiyi wam'mawa ndikukuimbira nyimbo kukhitchini, iwe unali ukadali m'bulangete, mwina mwendo umodzi uli panja monga umachitira muja.

Amayi ako akuti dzino lakutsogolo lija linachoka. Linachoka lokha kapena anachita kulizula ndi ulusi? Unalira? Unaliponya padenga? Nanga latsopano layamba kusuzumira? Usamalikankhe ndi lilime, lingamere mopotoka. Ndamvanso kuti mwatsegulira sukulu ndipo tsopano uli mu Sitandade 2. Aphunzitsi ako ndi aamuna kapena aakazi? Nsapato zija zikukukwanabe?

Khala pansi bwinobwino amayi ako akuwerengere pang'onopang'ono, chifukwa ndili ndi nkhani ya mbalame. Koma ndiyambe ndi kumene ndinakaiona.

Pafupi ndi nyumba ya amalume ako kuno ku Adelaide, m'dziko la Australia, kuli gogo wina wamkazi amene timapemphera limodzi. Ndi wamkulu kuposa ine, mutu wonse mbee, koma galimoto amayendetsa yekha. Kuseri kwa nyumba yake kuli kalavani. Kalavani ndi kanyumba ka matayala, kopanda injini, kamene amakamangirira kumbuyo kwa galimoto n'kumakakoka. Yakeyo ndi yakalekale, ya m'ma 1960. Gogoyu ali m'gulu la anthu okonda makalavani akale. Amapangana malo, aliyense n'kukoka yake kukakumana kumeneko. Ulendo uno anapangana ku tawuni ya migodi yotchedwa Broken Hill, ndipo anandipempha kuti ndimuperekeze.

Kutali, mwana iwe! Makilomita opitirira 500. Tinayenda, tinayenda, nyumba zinatha, mitengo ikuluikulu inatha, kunangotsala dothi lofiira psuu ndi tizitsamba totuwa. M'mbali mwa msewu munali mbuzi zambirimbiri, ndipo ndinafunsa kuti mbusa wake ali kuti. Akuti zilibe mwini, zimangodzikhalira kutchire. Mbuzi yopanda mwini, wamva? Ndinaganiza za iwe ndi kambuzi kako kakuda kaja. Kakula? Ukumakamangirirabe pamthunzi? Tinayesetsa kuti tifike dzuwa lisanalowe, chifukwa kukamada makangaru amadumphira mumsewu.

Titafika pabwalo limene anzathu anamangapo misasa, ndinangoti kukamwa yasa. Makalavani ndandanda! Ina yobiriwira, ina yachikasu, ina yapinki, ina ya matabwa opyapyala opakidwa vanishi, ina ya chitsulo chonyezimira choti ungadziyang'anirepo nkhope. Pazipumi pawo panalembedwa mayina, Viscount, Millard, Franklin, Sunliner. Ina inakokedwa ndi magalimoto akale a Holden, ozungulira mphuno, opukutidwa mpaka waliwali. Inalipo ina yaing'ono kwambiri, yosongoka kumbuyo, yoti munthu sungaimiriremo. Umangokwawa n'kugona, ndipo khitchini yake ili panja, amachita kutukula chitseko chakumbuyo.

M'kati mwa yathu muli chilichonse, koma chaching'ono. Kasitovu ka gasi, kakabati ka makapu, kampopi kopopa ndi dzanja, ndi bokosi loikamo ayezi m'malo mwa firiji. Tebulo limene timadyerapo masana, usiku amalitsitsa, n'kuyalapo makushoni, basi lasanduka bedi langa. Ukanakhalapo ukanalitsitsa ndi kulikweza mpaka kukudzudzula. Madzulo onse ankatulutsa mipando panja n'kukhala mozungulira, aliyense ndi kambale ka chakudya. Ine ndinakazinga mandasi pakasitovu kaja, ndipo sanachedwe kutha.

Tsono ndikupemphe ntchito. Galimoto yako ya mawaya ija ilipobe? Upange kalavani yake. Upeze kakatoni, uboole mawindo awiri ndi chitseko, matayala akhale awiri okha, pakati, ndipo kutsogolo uike waya wokolowekera. Mpeni usagwire wekha, akudulire achimwene ako. Ukamaliza amayi ako ajambule anditumizire.

Tsopano mbalame ija.

Kunali m'mawa, kukuzizira ndithu, ena onse akadali m'tulo. Ine ndinakhala pakhomo pa kalavani, nditafunda juzi ndi chitenje pamwamba, kapu ya tiyi ili m'manja. Chakumpanda kunali mpopi wodontha, ndipo pansi pake panali kachithaphwi. Ndinangomva kulira kwa tizinthu, psii psii psii. Kutukula maso, ndinaona chimbalame chachitali chikubwera mwakachetechete, chikuponda mwendo umodzi, kuima, kuyang'ana uku ndi uku, kenaka mwendo wina.

Dzina lake ndi emu. Ndi mbale wake wa nthiwatiwa imene ili m'buku lako lija, ndipo nayenso sauluka. Akatambasula khosi amafanana msinkhu ndi abambo ako. Nthenga zake ndi zotuwa, zazitali, zolendewera, ndipo akamayenda zimagwedera yekeyeke. Khosi lake kumtunda ndi lobiriwira ngati thambo, maso aakulu ofiirira, mapazi a zala zitatu zokhakhala. Mapiko ali nawo, koma ndi aang'ono kwambiri moti sindinawaone mpaka atawagwedeza.

Kumbuyo kwake kunali anapiye. Ndinawawerenga ndi chala: anali 7, zaka zakozo ndendende! Ndinaseka ndekha chamumtima. Anali ndi mizeremizere yoyera ndi yakuda kuchokera kukhosi mpaka kumchira, ngati tiana ta nkhanga tongoswedwa kumene, koma okulirapo, miyendo italiitali. Akakhala phee mu udzu wouma sungawaone, mizere ija imawabisa kwa nkhandwe ndi ziombankhanga.

Ukuganiza kuti wamkulu uja anali mayi wawo? Ayi, anali bambo wawo. Mbalame imeneyi, yaikazi ikaikira mazira imachoka, ndipo wofungatira ndi bambo. Mazira ake ndi aakulu, obiriwira kwambiri. Bamboyo amawakhalira pafupifupi milungu 8, osadya kwenikweni, osapita kukamwa madzi, amangodzuka kuti awatembenuze. Pofika poswa amakhala ataonda. Akaswa, ndi yemweyonso amene amayenda nawo anawo miyezi yambiri, kuwasonyeza chakudya ndi madzi, ndi kuwafunditsa nthenga usiku. Ukawafunse abambo ako ngati angathe kukhala milungu 8 osadya nsima.

Anafika pachithaphwi paja. Bambo anayamba waima, khosi njo, kuyang'ana mbali zonse, anapiye akumwa. Amatunga madzi ndi mlomo, kenaka n'kutukula mutu kuti atsike kukhosi. Kamodzi kanalowa ndi miyendo yonse m'madzimo, kanaterereka, kanakhala pansi phwatha, kanadzuka kali matope okhaokha. Onse atamwa, bambo anapinda miyendo, anagwada, naye n'kumwa kwa nthawi yaitali.

Atatha anauyamba ulendo, anapiye 6 pambuyo. Kachisanu ndi chiwiri kanatsalira. Ukudziwa chifukwa chake? Kanadutsa pafupi ndi galimoto ya Holden, ndipo pachitsulo chonyezimira cha pakati pa tayala kanaonapo kamwanapiye kanzake. Kanaima. Kanapendeketsa mutu, kanzakeko nako kanapendeketsa. Kanajompha, go! Kanadumphira m'mbuyo, kanabwereranso, go! go! Ine mpweya ndinaugwira, tiyi anazizira m'kapu. Ndimafuna kukauza kuti fulumira iwe, anzako akupita, koma ndinaopa kukaopseza.

Mwadzidzidzi kagalu ka m'kalavani ina kanayamba kuuwa. Kamwanapiye kaja kanazindikira kuti kali kokha, ndipo kanalira mokweza, psii! psii! Mtima wanga unangoti myuu. Bambo uja anali atafika kale kumpanda, koma anatembenuka nthawi yomweyo. Nthenga zapakhosi zinaimirira, anatalika kuposa poyamba, anadzuma ndi mawu okhuthala, n'kubwera chothamanga, fumbi koboo. Akuti mbalameyi imatha kuthamanga makilomita pafupifupi 50 pa ola, ndipo ine ndikuvomereza. Mwini kagalu anatuluka ndi zovala zogonera, anakanyamula n'kutseka chitseko. Bambo anaweramitsa khosi mpaka pansi, anakayang'ana kamwanako, kenaka anatembenuka, iko kakuthamanga pakati pa miyendo yake.

Ndinalira pang'ono, Tadala. Ndinakumbukira tsiku lija unatsalira kumsika ukuyang'ana wogulitsa mabaluni, ife tikukufunafuna. Ukamayenda ndi akuluakulu uzigwira dzanja, wamva? Ngakhale uone chinthu chokongola chotani. Ndipo popita kusukulu uzidikira anzako podutsa msewu, njinga zamoto zija sizionanso mwana.

Anthu a kumeneko anandiuza kuti mu 2018 kunali chilala choopsa, moti mbalamezi zinkalowa m'tawuni mwenimweni kufuna madzi, kumayenda mumsewu pakati pa magalimoto. Mvula kumeneko ndi yosowa. Madzi a m'mipopi amachokera kumtsinje wa Murray, kudzera m'chipaipi cha makilomita 270 chimene anachimaliza mu 2019. Nanga kwathuko thanki ija ikudzaza? Kwayamba kutentha? Mango aja kuseri ayamba kuoneka? Osadya osapsa ndi mchere, m'mimba mungakupweteke.

Tinayendanso m'tawunimo. Kalekale, mu 1883, munthu wina dzina lake Charles Rasp ankagwira ntchito yoyendera mipanda ya nkhosa atakwera hatchi. Anatola miyala yakuda yolemera paphiri lina, akuganiza kuti ndi ya chitsulo chotchedwa tini. Kenaka zinadziwika kuti pansipo pali siliva, mtovu ndi zinki wambirimbiri. Zinki ndi amene amakutira malata a padenga kuti asachite dzimbiri. Anthu anakhamukira kumeneko, anakumba, anakumba, mpaka phiri lenilenilo linatha, ndipo mpaka lero akukumbabe pansi. Fumbi la mtovu ndi loipa kwa ana, choncho ana aang'ono a kumeneko amawayeza magazi kuchipatala, ndipo lamulo ndi kusamba m'manja asanadye. Waona, si agogo ako okha amene amavutitsa ndi sopo.

Pakati pa tawuni pali chimulu chachikulu cha miyala yotsala pokumba, ndipo pamwamba pake anamangapo malo okumbukira anthu amene anafera mumgodi. Mayina ndi opitirira 800. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Bambo anga, amene ndi agogo awo a amayi ako, nawonso anakagwirako ntchito ya mumgodi, ku Joni, pa nthawi ya Wenela. Ankatsikira pansi kumdima ndi nyali pachipewa. Iwo Mulungu anawasunga, anabwerako ndi njinga ndi sutikesi yachitsulo ija mumasungiramo mabulangete. Uwapemphe amayi ako akusonyeze chithunzi chawo. Mphumi yakoyo ndi yawo.

Ku Silverton, makilomita 25 kuchokera m'tawuni, kunatsala nyumba zochepa zamiyala, ndipo abulu amangoyendayenda mumsewu. Mmodzi analowetsa mutu pawindo la galimoto yathu kufuna chakudya. Ku Broken Hill tinakaonanso ndege za madokotala. Mafamu a kumeneko ndi otalikirana kwambiri, ndiye munthu akadwala, dokotala ndi namwino amabwera pandege n'kutera pabwalo la fumbi. Ntchitoyi anaiyambitsa ndi m'busa John Flynn mu 1928. Ana a m'mafamuwo nawonso sayenda kupita kusukulu. Mphunzitsi amakhala ku Broken Hill, iwo ali kwawo, kale ankaphunzira pa wailesi, lero pa kompyuta. Iwe ungakonde zimenezo? Nanga mpira wa pa buleki ungasewere ndi ndani?

Mphatso yako ndakusungira. Ndi ndalama yachitsulo ya kuno, ya masenti 50. Si yozungulira, ili ndi mbali 12, uzidzawerenga wekha. Pamenepo pali kangaru mbali ina, emu mbali ina, agwirizira chishango pakati. Ndaimanga pakansalu ndipo ili m'chikwama changa chakutchalitchi pamodzi ndi nthenga imodzi imene ndinatola pachithaphwi paja. Nthengayo ndi yodabwitsa, ndi ziwiri zomera pa phata limodzi. Palinso china chachikulu chimene amalume ako agula, koma andiletsa kuulula.

Keke ugawireko anzako ndi mlongo wako, usamalize wekha. Usiku uzigona m'neti, ndipo uziikhwimitsa pansi pa matiresi, osangoiponya. Chifuwa chija chinatheratu? Ngati chikubwerera usiku amayi ako asadikire, apite nawe kuchipatala. Kamwana ka amalume ako kayamba kukwawa, ndipo ndikakasonyeza chithunzi chako kamafuna kudya foni.

Undilembere wekha, ndi dzanja lako, ngakhale mizere itatu. Undiuze dzina la aphunzitsi ako, amene umakhala naye pa desiki, ndi zimene mwadya lero. Undijambulirenso emu ndi anapiye ake, ndione ngati wamvetsa za mizere ija. Upereke moni kwa abambo ako, achimwene ako ndi mlongo wako, ndipo amayi ako uwapsompsone m'malo mwanga.

Ndakusowa kwambiri, mwamuna wanga. Ambuye akusunge, ukule ndi nzeru.

Ndine agogo ako okukonda.