Pulinta yosindikiza mnofu, mapulani ake ndi aulere ndiye tikudikira chani?

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga ndinenepo pa nkhani ija imangobwerabwera m'magulu a WhatsApp yoti azungu ayamba kusindikiza mitima ndi impso pa pulinta. Ikangoponyedwa ena amati nzausatana, ena amati ndiye basi odwala impso apulumuka, koma onsewa akuphonya. Palibe munthu akuyenda ndi mtima kapena impso yochokera mu pulinta, palibiretu. Kamtima kaja anaonetsa a ku Tel Aviv University mu 2019 kanali kakang'ono kukula kwake ngati mtima wa kalulu ndipo sikankapopa magazi. Chomwe chinafikadi pathupi la munthu ndi zinthu zosavuta, monga khutu lija kampani ya 3DBio Therapeutics inasindikiza ndi maselo a mwini wake mu 2022, n'kulisokerera kwa mtsikana wa zaka 20 ku Texas amene anabadwa ndi khutu losakula. Khutu ndi chicherewecherewe chabe, silipopa kanthu, silisefa kanthu.

Chikuvuta ndi mitsempha. Selo ikakhala patali ndi magazi kupitirira ma micrometre 200, apa tikunena kachigawo kamodzi pa zigawo zisanu za milimita, imafa chifukwa okosijeni saifikira, nde mukasindikiza chinthu chonenepa kunja kumakhala moyo m'kati mukufa. Impso ili ndi timitsempha ting'onoting'ono tosawerengeka, pulinta yoti ilukeluke zonsezo kulibe mpaka pano.

Koma ine chandilembetsa si chimenecho, ndi pulintayo mwini wake. Anthu amaganiza kuti ndi chimakina choopsa pomwe ndi ka pulinta ka 3D kamene kamasungunula pulasitiki, mwangochotsa mutu wotentha uja n'kuikapo sirinji yokankhidwa ndi kamota, mu sirinjimo muli jelo wosakaniza ndi maselo amoyo amene amamutcha bioink. Kompyuta ikuuza mota kuti pita uku bwerera uku, singano ikulavula kamzere pamwamba pa kamzere kanzake mpaka chinthu chiumbike, basi. Ndipo chiyambire ntchitoyi ndi yosintha zinthu za kale, Thomas Boland ku Clemson University cha m'ma 2003 anangotenga pulinta ya inki ya mu ofesi n'kutsuka katiriji, kuikamo maselo. Makampani atalowapo mitengo inakwera, makina ogula amayambira madola masauzande angapo ena mpaka kudutsa 100,000, ndipo akafa simungawatsegule, mudikire kampani yomwe inawapanga itumize munthu wake pa ndege.

Pa Carnegie Mellon University ku Pittsburgh pali mkulu wina dzina lake Adam Feinberg, iyeyu ndi ana asukulu ake anachita zosiyana. Anatenga pulinta wamba ya MakerBot n'kuipangira chokankhira sirinji chomwe anachitcha Replistruder, ziwalo zake zambiri mumazisindikiza pa pulinta yomweyo, kenako mafayilo onse anawaika pa intaneti kuti aliyense akope, asinthe, agwiritse ntchito osalipira kanthu. Ndiye open source imeneyo. Mu 2022 analemba mmene mungasandutsire pulinta yotchipa ya FlashForge Finder kukhala yosindikiza mnofu, zonse pamodzi osafika madola 900. A ku Cardiff University nawo anamanga yawo ndi zidutswa za Lego, zoseweretsa ana zija, pa mapaundi pafupifupi 500, cholinga chawo kusindikiza khungu lofufuzirapo matenda apakhungu. Ndipo izi zatheka chifukwa Adrian Bowyer ku University of Bath anayambitsa RepRap mu 2005, pulinta ya mapulani otseguka, kenako patenti, chilolezo choletsa ena kupanga mapulinta otere, yomwe inkatchinga njira inatha mu 2009 mitengo n'kugweratu.

Nzeru ya Feinberg imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya mu 2015 yotchedwa FRESH. Kolajeni, chinthu chomwe chimagwira khungu ndi minofu yathu pamodzi, akakhala mu sirinji ndi wotelera ngati therere, mukamulavula pa mbale amangoyenderera, simungaumbe naye kanthu. Nde anyamatawa anati bwanji tisindikizire m'kati mwa jelo wina. Amadzaza kambale ndi jelatini woperapera tizidutswa ting'onoting'ono, singano ikamadutsa jelatini uja amapatuka, ikangodutsa amabwerera n'kugwira kamzere kaja pomwepo kasagwe. Mukamaliza mumangotenthetsa kufika madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu, jelatini amasungunuka, chomwe mwasindikiza n'kutsala chili chilili maselo osafa. Ndi njira imeneyi mu 2019 anasindikiza valavu ya mtima ya kolajeni yomwe imatseguka ndi kutsekeka poiyesa mu labu. Jelatini abale, yemweyu wa mu jelly wa ana.

Tsono wina afunsa kuti ngati sizikupanga impso phindu lake nchani. Phindu lili pa kafukufuku. Maselo oyala pansi pa mbale yafulati sachita zinthu mmene amachitira m'thupi, mbewa nayo si munthu, mankhwala ambiri amaoneka abwino pa mbewa n'kukalephera pa anthu. Kachidutswa ka khungu, ka chiwindi kapena ka chotupa cha khansa kosindikizidwa kamapereka poyesera pena pakatikati, mumathira mankhwala n'kuona ngati akulowa m'kati kapena akungothera kunja.

Pano ndinene mosabisa kuti a open source nawonso pena amakometsa nkhani mopitirira. Pulinta ndi mbali yotchipa. Maselo amafuna inkyubeta ya madigiri 37 ndi mpweya wa carbon dioxide wa 5 peresenti usana ndi usiku, amafuna kabati yogwiriramo ntchito mopanda tizilombo, amafuna madzi a chakudya chawo oitanitsa kunja amene ayende ali ozizira njira yonse, ndipo zonsezi ndi madola, madola amene tonse tikudziwa mmene akusowera. Magetsi akangothima usiku umodzi opanda jenereta ntchito ya mwezi wonse yapita. Nde amene akuti ndi madola 900 mwatsegula labu akunama.

Komabe pophunzirira simufunika maselo tsiku loyamba. Alginate, ufa wochokera ku ndere za m'nyanja yamchere womwe madokotala a mano amadindira nawo mano, mukausungunula n'kuukumanitsa ndi calcium chloride umalimba nthawi yomweyo, mwana wasukulu atha kuphunzira nawo liwiro la singano, kukula kwa bowo, kulemba G-code (malangizo ouza pulinta mmene iyendere), kukonza mota ikamadumpha, zonse popanda kupha selo ngakhale imodzi. Ku MUBAS ndi ku MUST kuli ana akuphunzira biomedical engineering, uinjiniya wa zida zachipatala, ku Blantyre kuli KUHeS ndi Malawi-Liverpool-Wellcome komwe kuli anthu ozolowera ntchito ya mu labu, mbali ziwirizi zitakumana ndi ntchito yoti itha kuyambika. Ndipo kusonkhanitsa zida zotchipa n'kupanga chachipatala si zachilendo kwa ife, makina a Pumani othandiza makanda obadwa masiku osakwana kupuma anapangidwa ndi a Rice University pamodzi ndi a ku Queen Elizabeth Central Hospital, poyambira pake anali mapampu a m'mathanki osungira nsomba. Anzathu ku Tanzania a STICLab ku Dar es Salaam akhala akusindikiza maikulosikopu ya OpenFlexure, nayonso ya mapulani otseguka, ikathyoka sipeyala amapanga okha pompo.

China chomwe sitingachidumphe, maselo a munthu satengedwa mwachisawawa, pamafunika chilolezo cha mwini wake ndi cha makomiti oona za kafukufuku. Ndipo dziko lomwe mu 2017 anthu anaphedwa ku chigawo cha kummwera chifukwa cha mphekesera za anamapopa, nkhani yoti kuli makina osindikiza mnofu wa munthu siyofunika kuisiyira WhatsApp ifotokoze yokha.

Nde pempho langa a Mkonzi, tumizani mtolankhani wanu akacheze ndi aphunzitsi a za uinjiniya awafunse ngati pali mwana amene wayesapo kumanga Replistruder ngati pulojekiti ya chaka chomaliza, ndipo ngati palibe chikutchinga nchani, ndalama, zida kapena kungoti sanamvepo. Mayankhowo mutilembere m'Chichewa momwe muno.

Wowerenga wanu,
Zomba