Za bandi ya m'galaja mwanu

Achimwene,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndasangalala kumva kuti inu ndi alamu muli bwino kumeneko. Ifenso kuno tilipo. Koma ndisachulutse malonje, chifukwa ndaona kuti mtima wanu uli pa mwana wathu uja ndi bandi yomwe wayambitsa ndi anzake a kusukulu. Mwati galaja yanu yadzaza phokoso, woimba ng'oma sadziwa pothera nyimbo, ndipo mukufunsa ngati si bwino kuwabalalitsa mayeso asanayandikire. Ine ndikuti musawabalalitse. Apatseni tsiku limodzi pa sabata, muwauze nthawi yoyamba ndi yoweruka, ndipo tsiku limenelo lisamasunthe.

Kusadziwa kuimbako kusakudetseni nkhawa, chifukwa bandi za kusukulu zimayamba choncho. Mu 1976 mnyamata wa zaka 14, Larry Mullen, anamata kapepala pa bolodi ya zidziwitso ku Mount Temple, sukulu ya ku Dublin, kufuna anzake oti aziimba nawo. Amene anayankha anakakumana m'khitchini mwa makolo ake. Adam Clayton anamulola kulowa poti anali ndi gitala ya besi kale komanso ankalankhula ngati katswiri, pomwe zala zake zinali zisanafikepo. Paul Hewson, amene lero timamutcha Bono, gitala inkamukanika, mapeto ake anangogwira maikolofoni. Nyimbo za eni ake zinkawavuta mpaka anaona kuti kuli bwino azipeka zawo, zoti palibe angawauze kuti aphonya. Amenewo ndi a bandi yotchuka ya U2. Mu Marichi 1978 anapambana mpikisano ku Limerick, n'kulandira mapaundi 500, ndipo mu 1980 anasainirana mgwirizano ndi kampani yojambula nyimbo ya Island Records. Kuchoka m'khitchini kufika pamenepo zinawatengera zaka pafupifupi zinayi.

Mukawayang'anitsitsa anawo muona kuti zida sanagawane potengera luso. Aliyense amathamangira gitala, chifukwa ndi imene imaonekera kutsogolo. Besi imagwera amene wachedwa kusankha, kapena wofatsa amene sakonda kukangana. Ngakhale Paul McCartney sanaifune. Anaitenga mu 1961 woimba besi Stuart Sutcliffe atachoka mu bandi ya Beatles, anzake onse atakana. Woimba ng'oma ndiye amasowa kwambiri, poti ng'oma n'zodula, n'zolemera kunyamula, ndipo zimafuna nyumba ya makolo opirira. Chifukwa chake amene ali ndi malo oyesererapo ndiye wagwira bandi yonse, ngakhale asadziwe kuimba kodi imodzi ya gitala. Pa bandi iyi munthu ameneyo ndi inu, achimwene, kaya mukufuna kaya ayi.

Za tsiku lokhazikika zija ndikunenetsa. Anyamata asanu a ku Abingdon School, kufupi ndi Oxford, anayamba kuimba limodzi mu 1985, ndipo bandi yawo anaitcha On a Friday chifukwa ankayeserera Lachisanu m'chipinda cha nyimbo cha pasukulupo. Atamaliza sukulu anabalalika kupita ku mayunivesite osiyanasiyana, koma pa holide ankakumana n'kupitiriza. Maphunziro anawamaliza ambiri mwa iwo, kenako mu 1991 kampani ya EMI inawatenga, n'kusintha dzina kukhala Radiohead. Ndiye nkhawa yanu ya mayeso ndikuimva, koma chimene chimadya nthawi ya mwana ndi bandi yopanda ndandanda, yongokumana paliponse wina akaimba foni. Ya tsiku limodzi lodziwika mwana amatha kuikonzekera, homuweki n'kuimaliza dzulo lake. Pali kankhani kamene kamandiseketsa pa bandi imeneyi: Jonny Greenwood, mng'ono wa woimba besi, akuti atangolowa ankakhala pa kiyibodi ataizimitsa, kumangoyendetsa zala, mpaka ataphunzira makodi, anzake n'kumamuyamikira kuti amaimba mosasokoneza.

Tsopano za phokoso lanulo. Gawo lalikulu la chimene mukumva si kusowa luso, ndi kusamverana. Woimba gitala akalephera kudzimva amakweza sipika yake, wa besi naye n'kukweza, wa ng'oma n'kuyamba kumenya ndi mphamvu zonse, woimba pakamwa n'kutsala akukuwa. Auzeni ayambire pa ng'oma, ena onse atsitse mpaka mawu a woimba amveke popanda kukuwa. Wa besi asiye kuyang'ana zala zake, azimvera phazi la wa ng'oma, chifukwa awiriwo akagwirizana nyimbo imaima ngakhale gitala itaphonya. Azitchuna magitala asanayambe ndiponso pakati, osadalira makutu okha pamene kachipangizo kotchunira kakupezeka ngakhale pa foni. Kutchunako si nkhani yaing'ono. Pa 6 Julayi 1957, McCartney atakumana ndi John Lennon pabwalo la tchalitchi ku Woolton, mumzinda wa Liverpool, china chimene chinam'patsa ulemu n'choti ankadziwa kutchuna gitala bwinobwino, pomwe Lennon ankaimba makodi a banjo amene anamuphunzitsa mayi ake. Asankhe nyimbo zitatu zokha, aziziimba kuchokera poyamba mpaka pomaliza osaima wina akalakwitsa, ndipo agwirizane mmene nyimbo iliyonse ithere. Aike foni pakona ijambule zonse, akamaliza amvetsere limodzi. Foniyo idzawauza zimene inu mukanawauza akanakwiya nazo.

Makutu awonso muwasamale. M'chipinda chaching'ono chotseka ng'oma zimaononga makutu pang'onopang'ono, ndipo akaonongeka sabwerera. Tizotsekera m'makutu muwagulire musanaganize zogula china chilichonse. Gitala yodula idikire kaye, tione ngati chaka chitha akadali limodzi.

Chimene ndikufuna mukambirane ndi mwana wathu modekha ndi ichi: bandi za anzake a kusukulu sizimatha chifukwa cha makodi olakwika. Zimathera pa mafunso akuti nyimboyi ndi ya ndani, ndalama tigawana bwanji, ndipo mnzathu amene akutsalira titani naye. Mu 1958 a Quarrymen, bandi imene Lennon anayambitsa ali pasukulu, anasonkherana ndalama n'kukajambulitsa nyimbo ziwiri m'nyumba ya munthu wina ku Liverpool. Mbale inatuluka imodzi yokha, ndipo anagwirizana kuti aliyense aziisunga sabata imodzi. Itafika kwa woimba piyano inakhala komweko zaka zoposa 20, mpaka McCartney anachita kuigula mu 1981. Pete Best anaimba ng'oma mu Beatles zaka ziwiri, n'kuchotsedwa mu Ogasiti 1962 kutchuka kuli pakhomo, ndipo anzakewo sanamuuze okha, anatuma manijala. Zoterezi zimapweteka kuposa kulephera mpikisano, chifukwa amene akukuchotsayo ndi munthu amene mumakhala naye desiki imodzi.

A U2 ndi a bandi ya ku America ya R.E.M. anasankha kugawana mofanana ndalama za nyimbo zawo, posayang'ana kuti wabweretsa mawu ndani, wabweretsa kayimbidwe ndani. Ena amati n'kupondereza wopeka weniweni, ndipo mfundo yawo ndimaimva. Komabe ine ndili mbali ya kugawana mofanana. Wa ng'oma amene akudziwa kuti gawo lake ndi lofanana ndi la woimba salimbana kuti nyimbo yake yofooka ilowe m'gulu mokakamiza. Anawo agwirizane zimenezi panopa, pamene palibe kanthu koti n'kukanganirana, ndipo alembe papepala: sipika imene asonkherana ndi ya ndani wina akachoka, dzina la bandi litsala ndi yani, wojomba katatu popanda chifukwa atani naye. Adzaseka kuti mukuchulutsa, koma alembe ndithu.

Musaganize kuti ndikukulonjezani U2 m'galajamo. Bandi zambiri zoterezi zimatha sukulu ikatha, wina akapita ku koleji, wina akapeza chibwenzi. Mwa anyamata onse a pasukulu ya Quarry Bank amene anayambitsa Quarrymen, ndi Lennon yekha amene anafika mu Beatles. Choncho za ntchito ya m'tsogolo musazitchule n'komwe, kaya momulimbikitsa kaya momuopseza. Chofunika panopa n'choti apeze poimbira pamaso pa anthu, ngakhale pa mwambo wa kusukulu kwa mphindi 10, chifukwa bandi imene ili ndi tsiku loonekera imayeserera mosiyana ndi yongosangalala. Afunse aphunzitsi awo msanga, malo pa pulogalamu asanathe.

Simunandiuze kuti mwana wathuyo wagwira chida chanji. Ngati ndi besi, muuzeni kuti bambo ake aang'ono akondwa. Akajambula pa foni paja munditumizireko, ngakhale zikhale zosokonekera, ndimve wa ng'omayo ndekha. Anansi anunso muwadziwitse tsiku ndi nthawi asanabwere okha kudzagogoda.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu wakalekale.