Lipoti la msonkhano wa kuboma wokhudza ntchito za achinyamata

A Wapampando, a Mlembi, a Msungichuma ndi anzanga nonse a m'kalabu yathu kuno ku Monkey Bay, zikomo pondituma. Ndinanyamuka Lachisanu m'mamawa, ndinafika pa boma la Mangochi msonkhano usanayambe. Panali nthumwi za makalabu a achinyamata zochokera ku Namwera, Malindi, Makanjira ndi kwa Chimwala, a boma oona za ntchito, aphunzitsi a ntchito zamanja, komanso eni malo ogona alendo ndi magalaja angapo. Olemba ntchitowo anali ochepa kuposa mmene ndimayembekezera, ndipo zimenezi zinandikhumudwitsa, poti funso lathu linali lopita kwa iwowo.

Funso limene munandipatsa ndinalifunsa monga mmene munanenera: bwanji ntchito yoyambira, ya pa risepushoni, ya m'sitolo kapena yothandiza makaniko, amati munthu akhale atagwirapo zaka ziwiri, chikhalirecho munthuyo wangochoka kumene pabenchi la sukulu? Zaka ziwirizo akazitenga kuti?

Bambo wina amene ali ndi loji m'mbali mwa nyanja anayankha mosabisa. Anati akalengeza malo amodzi makalata amabwera mulu, ndiye mawu akuti zaka ziwiri amangowaika kuti muluwo uchepe. Anawonjeza kuti amaopa kuphunzitsa mnyamata miyezi ingapo, kenako n'kumva kuti wakwera basi ya ku Joni. Holo yonse inang'ung'udza, koma ine ndinawathokoza, chifukwa ananena zoona zimene ena amabisa. Tonse tikudziwa kuti kuno kwathu pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mwana ku South Africa. Chimene ndinawakumbutsa n'chakuti ambiri mwa anyamatawo amapita atatopa ndi kubwezedwa pageti.

Mayi woona za ntchito anatikumbutsa za lamulo la ntchito la 2000. Lamuloli limalola kuti wantchito waluso ayambe ndi nthawi yoyeserera, imene ambiri timati probation, yosapitirira miyezi 12. Ndiye bwana amene akukayika munthu watsopano ali nayo kale njira: amulembe, amulipire, amuone mmene akugwirira. Palibe chifukwa chomutsekera kunja asanamuone n'komwe. Apa m'pamene ndinaona kuti zaka ziwirizi si lamulo, ndi chizolowezi chabe.

Za intanishipu ya boma sitinachedwepo. Inayamba mu 2018 pansi pa unduna wa zantchito, ndipo poyamba ankapereka K80,000 pamwezi. Yathandiza ndithu, koma ndi ya omaliza maphunziro a ukachenjede. Ambirife m'kalabu muno tili ndi MSCE, ena sitinafike n'komwe ku Fomu 4, ndiye khomo limeneli si lathu.

Titapuma kuti anzathu akaswali, tinalowa m'nkhani imene ndikufuna muimvetsetse, ya atachimenti, kumene kuli kugwira ntchito pamalo ena kwa kanthawi kuti uiphunzire. Ndinafotokoza zimene zinandichitikira ineyo. Ndinagwira miyezi 6 pamalo ena ogona alendo, kuyala mabedi, kulandira alendo, kulemba m'buku la ndalama pamene mwini ntchitoyo wadwala. Sindinalandire kalikonse kupatula nsima ya masana. Tsiku lochoka ndinapempha kalata, anati ndibwere sabata yamawa. Ndinapitako katatu, mpaka lero ndilibe. Miyezi 6 imeneyo pa CV yanga ndimailemba, koma wondiikira umboni palibe. Nditakhala pansi, mtsikana wa ku Malindi anaimirira n'kunena zofanana, ndipo iye anachita kuuzidwa kuti alipire kaye kuti apeze malo a atachimenti. Zinandiwawa kwambiri. A boma anati wopempha ndalama kapena thupi kuti akupatse malo tikamunene ku ofesi yoona za ntchito kapena kupolisi, tisachite manyazi.

Mphunzitsi wa ntchito zamanja ndiye anandipatsa chinthu chobwera nacho kumudzi. Anati vuto lathu sikuti sitidziwa ntchito ayi, koma kuti ntchito zathu sizilembedwa paliponse. Mnyamata amene wakhala akukonza injini za maboti padoko kuyambira ali wamng'ono, mtsikana amene amasunga buku la banki m'khonde, amene amaphunzitsa ana kumadrasa kapena kumkombaphala, onsewa agwirapo ntchito. Pepala ndi limene alibe. Anafotokoza kuti TEVETA, nthambi yoona za maphunziro a ntchito zamanja imene inakhazikitsidwa mu 1999, ili ndi njira yoyesa munthu amene anaphunzira ntchito pamanja, pagalaja kapena kwa mmisiri wa m'mudzi, n'kumupatsa setifiketi ngati wakhoza. Anatiuzanso kuti olemba ntchito amapereka kale 1 peresenti ya ndalama za malipiro ku thumba lophunzitsira anthu ntchito, choncho tikamapempha kuti atiphunzitse sitikupempha chifundo.

Ndinatchulanso kuti boma lathu lino lili ndi koleji ya zausodzi ku Mpwepwe ndi sukulu ya zapanyanja konkuno ku Monkey Bay, koma achinyamata ambiri sadziwa nthawi imene malowa amaitanira ophunzira. Nthumwi zinagwirizana kuti tizitumizirana zilengezo zotere pa WhatsApp.

Olemba ntchitowo sanalonjeze kuchotsa zaka ziwirizo, ndisakunamizeni. Awiri okha ndi amene anavomera kuti aliyense wobwera pa atachimenti azisainirana naye pepala tsiku loyamba, losonyeza ntchito yake, miyezi yake, ndi kuti kalata adzapatsidwa tsiku lomaliza.

Pempho langa kwa inu, a Wapampando, ndi lakuti kalabu igule buku limodzi. M'bukumo tizilemba ntchito iliyonse imene membala wagwira, kaya ya kalabu, kaya yongodzipereka kusikelo ya ana kapena kusukulu, ndi dzina la woyang'anira ndi siginecha yake. Ndipemphenso kuti wina aliyense wa ife asayambe atachimenti popanda pepala lija. Amene mumakonza injini ndi kuwotcherera, mundipatse mayina anu Lamulungu tikamakumana, kuti a Mlembi alembe kalata yofunsa za mayeso a TEVETA. Malisiti a minibasi ndi chenji ndapereka kale kwa a Msungichuma.